A Leveni ndi Khoma la 1988

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1951, mwana wachitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Ine ndaima pano ndine chitsirizira m'banja limenelo, ndipo abale andituma kuti ndiwerenge mbiri ya akulu anga. Ambiri a inu dzina lawo lenileni simulidziwa n'komwe, munkangoti a Leveni. Inenso lero nditero, chifukwa ndikatchula lina lija mungayambe kuyang'anana kuti mwina mwasokera maliro.

Akulu angawa anabadwa amanzere. Mayi athu ankasimba kuti ali wokwawa, ukawapatsira supuni kumanja ankailandira bwinobwino, kenaka n'kuisamutsira kudzanja linalo. Mu 1959 anayamba sukulu, ndipo mavuto anayambira pomwepo. Aphunzitsi awo ankawamangirira dzanja lamanzere kumsana ndi mpango, ndipo likapulumuka n'kugwira pensulo, rula inkatera pazala. Ankafika kunyumba zala zitatupa, osatha ngakhale kumanga batani la malaya. Anaphunzira ndithu kulemba ndi dzanja lamanja, koma zolembazo zinali ngati papalasa nkhuku. Zilembo zawo zokongola tinkaziona ife a m'nyumba, akamalemba ndi kamtengo padothi kuseri kwa khitchini.

Mu 1964 analowa timu ya mpira ya pasukulupo. Tamvani zodabwitsa, anthuni: mphunzitsi yemweyo amene ankawatupitsa zala m'kalasi ndiye ankathamanga m'mbali mwa bwalo, kukuwa mpaka mawu kusasa kuti mpira upite kwa mwana wamanzere uja. Anawaveka malaya a nambala leveni, dzina n'kukanirira. Oteteza kumbuyo ankawadikirira mbali ino, iwo atadutsa kale mbali inayo. Atasiya sukulu anapitiriza kusewera mpaka 1974 pamene bondo linawakaniza. Mpaka ukalamba ankakonda kunena kuti kusukulu, kuyambira m'chiuno kutsika anali mphatso, koma kuyambira m'chiuno kukwera anali mlandu.

Mu 1969 anayamba kuphunzira umisiri womanga nyumba pa kampani ina. Miyezi yoyamba ankagwira chipande chomangira ndi dzanja lamanja poopa kapitawo, matope n'kumangotayikira pansapato. Amene anawawombola anali mmisiri mnzawo wamsinkhu wawo, wa dzanja lamanja. Iye anawauza kuti asiye kudzizunza, agwire mmene anabadwira, koma ayambire ngodya inayo ya khoma. Mmenemo ndi mmene anatulukira kagwiridwe kawo ka ntchito. Wamanja kuyambira uku, wamanzere kuyambira uko, chingwe chimodzi, aliyense akuyenda mbali imene dzanja lake limamasuka, n'kukakumana pakati. Panalibe woyenda chafutambuyo kapena kugundana zigongono. Khoma loti ena amange masiku atatu, awiriwa ankalimaliza masiku awiri, ukaikapo levulo yoyezera kuongoka osapeza chonena. Makapitawo ankachita kuwalimbirana.

Pa 9 Ogasiti 1975 malemu anamanga banja ndi mlongo wake wa mnzawo uja, mayi amene akhala apawa. Kuyambira pamenepo mnzawo wa pantchito anasanduka mlamu wawo. Mayiwa ndi munthu woona patali. Malaya alionse atsopano ankawasomola thumba n'kulisokera mbali ya kumanja, kuti dzanja lamanzere lizifika msanga pa pensulo. Patebulo, mpando wa bambo unali wa kumapeto, kumanzere, ndipo mlendo akakhalapo mosadziwa ana ankamusamutsa mwaulemu, kumuuza kuti apo ayi, mudya chigongono. Lumo ndi chotsekulira zitini ndizo zinawakana malemu mpaka mapeto, ndipo sanasiye kuzinenera zachipongwe.

Tsopano ndafika pa chaka chimene banja lino silinkachitchula. Ndichitchula, chifukwa malemu anachita kulamula.

Lamulungu pa 21 Febuluwale 1988, masana, kunagwa mvula yamphepo. Khoma lalitali la nyumba yosungiramo katundu, limene malemu ndi alamu awo anali atangomaliza kumene, linagwa lonse, mlonda n'kuthyoka mwendo. Lolemba akuluakulu a kampani anabwera kudzafufuza. Kapitawo wa nthawi imeneyo anali watsopano, ndipo kuyambira tsiku lofika sankakondwa kuona munthu akuyala njerwa ndi dzanja lamanzere. Atafunsa alamu a malemu kuti khomalo likhoza kukhala litayambira mbali iti kufooka, iwo anayang'ana pansi n'kuloza mbali ya a Leveni. Kafukufuku anathera pomwepo. Lachitatu malemu anapatsidwa kalata yowachotsa ntchito, itanena kuti kagwiridwe kawo ka chipande n'kosayenera mmisiri. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za makoma oongoka zinafafanizika ndi mizere itatu ya pakalata.

Nkhani yoipa imayenda msanga. Anthu anayamba kunena kuti khoma la wamanzere silipirira mvula. Munthu amene ankamanga nyumba zosanja anayamba kuitanidwira zimbudzi ndi makola a nkhuku, ndiponso mwini khola n'kumaima pambali kuyang'anira. Ine zinkandiwawa kwambiri, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umawira. Ndinawakakamiza kangapo kuti apite akadandaule. Ankangoyankha kuti mbali yawo anaimanga bwino, basi, osawonjezerapo dzina la munthu. Malemu sanawanyozepo alamu awo, ndipo sanawaletsepo mayi kukaona mchimwene wawo. Koma kugwira nawo chingwe chimodzi, kapena kudyera nawo tebulo limodzi, sanachitenso. Akakumana pamsewu kunali kupatsana moni, aliyense n'kupitiriza ulendo.

Zimbudzi zija ndizo zinayamba kuwachitira umboni. Mvula inkagwa, za ena n'kutitimira, za a Leveni zili chiimire. Mu 1993 mayi wina wamasiye analimba mtima n'kuwapatsa nyumba ya zipinda zinayi. Itatha imeneyo ntchito zinayamba kubwera zokha: makalasi, masitolo, chipinda cha amayi oyembekezera pachipatala chaching'ono chija. Ena a inu m'mawa uno mwadzuka m'nyumba zomanga iwo. Anaphunzitsa amisiri oposa makumi awiri, amuna ndi akazi omwe. Wofuna kuphunzira akafika, iwo sankamufunsa kuti amagwira ndi dzanja liti. Ankangoponya chipande pamulu wa mchenga n'kumuuza kuti atole, ndipo dzanja limene latolalo ndilo ankaliphunzitsa.

Komabe chitonzo chija sichinawachoke. Ngakhale owalemba ntchito, powalandira, ankaponyako kanthabwala kakuti ili lokha lisagwe ngati lija. Malemu ankaseka nawo, koma mayi akuti tsiku lotero chakudya chinkabwerera kukhitchini chosakhudzidwa. Mvula yamphamvu ikangokata, ankavala jombo n'kuyamba kuzungulira makoma onse amene anamanga, kuwasisita ndi chikhatho kufunafuna mng'alu. Eni nyumba ankayesa abwera kudzacheza. Anachita zimenezi dzinja lililonse kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, osapeza mng'alu ndi umodzi womwe, koma mtima osakhazikika.

Mu Juni 2022 anayamba kudandaula chifuwa ndi kubanika. Madokotala anapeza kuti mapapo awo anawonongeka ndi fumbi la zaka zambiri. Anagonekedwa m'chipatala katatu, ndipo ali komweko anauza anamwino kuti khoma la pakhonde la wodiyo linapendama pang'ono, wina akalione. Mu Seputembala chaka chino anapempha kuti abwerere kunyumba.

Pa 3 Okutobala, cha m'mawa, alamu awo anafika pakhomo ndi ndodo yawo, nawonso atakalamba. Analowa kuchipinda, n'kukana mpando, n'kugwada pafupi ndi bedi. M'chipindamo munali mayi, mwana wawo woyamba ndi ine. Alamuwo ananena kuti mu 1988, mlungu womaliza kumanga khoma lija, iwo ankathamangira kuweruka msanga chifukwa mwana wawo anali m'chipatala. Mbali yawo sanaikemo waya wolimbitsa khoma, ndipo mizere ya pamwamba sanailumikize ndi chipilala. Anati khoma linayambira kwawo kugwa n'kukoka mbali inayo, ndipo Lolemba lija analoza mbali ya mlamu wawo chifukwa ankadziwa kuti kapitawo sadzavuta kukhulupirira zoipa za munthu wamanzere.

Ine ndinapsa mtima moti ndinaimirira. Malemu anandikhazika pansi ndi diso lokha. Anati zimenezo anaziona Lolemba lomwelo pochotsa njerwa zogumuka, kuti mbali inayo munalibe waya. Anakhala chete chifukwa akanayankhula, wochotsedwa ntchito akanakhala bambo wa mwana wodwala, mchimwene wa mkazi wawo, yemwenso anali munthu woyamba kuwauza kuti agwire chipande mmene anabadwira. Mayi analira kwambiri, pakuti zaka zonsezi sankadziwa. Kenaka malemu anauza alamu awo kuti awakhululukira, ndipo anaitanitsa tiyi kuti amwere limodzi. Koma anapempha chinthu chimodzi. Anati bodza lija silinanenedwere kuchipinda, linanenedwa pagulu, choncho chilungamo nachonso chikamveke pagulu. Alamu awo anavomera. Malemu anatisiya Lachiwiri pa 17 Okutobala 2023, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri.

Asiya mkazi, ana asanu, aakazi atatu ndi aamuna awiri, adzukulu khumi ndi mmodzi, zidzukulutudzi ziwiri, alongo awiri ndi ine mng'ono wawo. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, anansi amene ankasinthana kukhala ndi mayi, a mpingo, ndiponso amisiri amene malemu anawaphunzitsa, omwe asiya ntchito zawo kudzanyamula mphunzitsi wawo.

Latsala pempho lija. Alamu awo anandiuza kuti mawu awo ndi ofooka, sangafike kumbuyoko, choncho ndinene ine, iwo ataimirira kuti aliyense awaone. Ndi awo aima apowo. Musawang'ung'udzire, chonde, mwiniwake anakhululuka kale, ndipo kuimirira kumeneku si kwapafupi. Imvani tsono nonse, amene munalipo mu 1988 ndi amene munangomva, amene munaseka ndi amene munawakaniza ntchito: khoma lija silinagwe chifukwa cha a Leveni. Mbali yawo inamangidwa bwino. Dzanja lawo linalibe mlandu, ndipo silinakhalepo ndi mlandu chibadwire.

Akulu anga, mwadikira nthawi yaitali kuti mawu amenewa amveke pagulu. Amveka, ndipo anthu onsewa ndi mboni. Alamu, khalani pansi, zikomo. A Leveni, pitani bwino, mzimu wanu uuse mumtendere.