Zimbale Zitatu za Mayi Esther Mwenda

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1989, m'dera la Mfumu Yaikulu Msakambewa, m'boma la Dowa. Anali mwana wachitatu mwa ana asanu a Bambo ndi Mayi Mwenda. Amene ndikuwerengane ndine Overton, mlongo wawo wamkulu. Abusa, akuluakulu ndi anamfedwa nonse mwadzaza mu holo ino, mundikhululukire. Pamaliro timazolowera mawu osalala, koma banja landituma kuti ndisabise Chichewa, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mu 1995 malemu anayamba sukulu ya pulayimale kwathu komweko, ndipo mu 2007 anakhoza mayeso a Fomu 4. Chifalansa sanachiphunzire m'kalasi ayi. Mayi athu ankagulitsa tomato pamsika wa ku Dzaleka, kumsasa wa anthu othawa kwawo, ndipo mwana wawoyu akawatula dengu ankathawira ku kwaya ya amayi ochokera ku Congo. Kumeneko ndiko anatola chilankhulocho pamodzi ndi maimbidwe.

Mu 2011 anabwera kuno ku Dubai kudzalera mwana m'nyumba ya banja lina la ku Belgium, ku Al Furjan. Tsiku lina madamu a m'nyumbamo anawamva akugonetsa mwanayo ndi nyimbo yopeka okha, ndipo anawatengera ku lesitilanti ina ya ku Jumeirah Lake Towers kumene olankhula Chifalansa amasonkhana. Anaimba nyimbo ziwiri, anthu anaiwala chakudya m'mbale. Pofika 2013 anali atasiya ntchito ya m'nyumba.

Mu 2014 anatulutsa chimbale chawo choyamba, Sel et Poussière, kutanthauza Mchere ndi Fumbi. Anachijambula m'kasitudiyo kopanikiza, mawu ndi gitala basi. Nyimbo zake zinamveka pa mawayilesi a ku Abidjan ndi ku Kinshasa. Ife kuno tinatani? Ena mwa inu, amene lero mwavala zakuda, munkati mwana wa ku Dowa wayamba matama, akuimba zoti amayi ake sangamve. Ena munkawatchula dzina limene sindingalibwereze pamaso pa Abusa, chifukwa choti ankaimba m'mahotela. Malemu ankazimva zonsezo, koma ukwati wa Mmalawi aliyense kuno ankaimbako osalipiritsa.

Pa 20 Ogasiti 2016 anamanga banja ndi Bambo Boniface Lubasi a ku Zambia, amene akhala kutsogoloku. Nthawi imeneyo Bambo Lubasi anali dalaivala wa hotela. Chaka chisanathe anasiya chiwongolero n'kudzisandutsa manejala wa akazi awo. M'banjamo munabadwa Owami mu 2017 ndi Chikumbutso mu 2019.

Chimbale chachiwiri, Les Toits de Sable, Madenga a Mchenga, chinatuluka mu 2018, ndipo ndicho chinawafikitsa ku Brussels ndi ku Dakar. Chachitatu, cha mu 2021, anachitcha Ma Route vers Dowa, Njira Yanga ya ku Dowa. Mmenemo muli nyimbo imodzi yokha ya Chichewa, yoimbira mayi athu. Koma njira ya ku Dowayo sanaiyende. Pasipoti yawo inkakhala m'chikwama cha amuna awo. Bambo athu atamwalira mu 2022, Bambo Lubasi anati kuli phwando la nyimbo ku Abu Dhabi ndipo matikiti anagulidwa kale. Tsiku limene ife tinkatsitsa bokosi m'manda, mlongo wathu anali pa siteji, akumwetulira alendo.

Mu Juni 2023 malemu anayamba kusasa mawu. Madokotala anapeza chotupa pakhosi, ndipo analamula kuti asiye kuimba, ayambe kulandira mankhwala msanga. Bambo Lubasi anali m'chipinda chomwecho, anamva ndi makutu awo. Komabe m'mawa mwake anadzutsa malemu ndi yalla yalla wawo uja, kutanthauza fulumirani m'Chiarabu, kuti akajambule chimbale chachinayi. Anati mankhwala adikire kaye, poti amathothola tsitsi ndipo zithunzi za pachikuto zinali zisanajambulidwe. Oimba zida amene analipo atiuza kuti malemu ankatuluka mu situdiyo n'kukalavula magazi, n'kubwereranso pa maikolofoni. Pamene ankayamba mankhwala, khansa inali itafalikira.

Mu Epulo 2024 mawu anatheratu. Akuluakulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Bambo Lubasi anaona kuti nyumba yawo yachepa, moti simungakhale wodwala. Amene anatola malemu anali Mayi Mwanahawa Sharifu a ku Mangochi, ogwira ntchito m'sitolo, amene anawapatsa bedi lawo m'kachipinda ka ku Al Twar, iwo n'kumagona pansi. Ankawasambitsa, ankawamwetsa phala ndi supuni, ankawabweretsera ana awo Lamlungu. Chipembedzo chawo china, magazi ena, koma anachita zimene wolumbira paguwa analephera.

Mu Malichi chaka chino kunatuluka chimbale chokhala ndi dzina ndi nkhope ya malemu. Nyimbo zambiri mmenemo anaimba ndi mtsikana wina amene Bambo Lubasi anamuphunzitsa kutsanzira mawu a akazi awo. Mtsikanayo sitikumuda, nayenso ndi wantchito. Mayi Mwanahawa, posadziwa, anawaikira malemu foni pakhutu kuti asangalale. Malemu anamvetsera pang'ono, anapukusa mutu, n'kutembenukira kukhoma. Tsiku limenelo sanadye. Choncho banja likulengeza pamaso panu kuti zimbale za Mayi Esther Mwenda zilipo zitatu. Chachinayicho si chawo, ndipo masipika amene Bambo Lubasi abwera nawo kuti atiimbire chimenecho akhale panja pomwepo.

Mayi Esther Mwenda anatisiya m'mawa wa pa 2 Seputembala 2025, dzanja lawo lili m'manja mwa Mayi Mwanahawa. Amuna a malemu anafika masana, atayamba kale kulengeza za imfayo pa intaneti.

Bambo Lubasi anafuna kuti malemu aikidwe konkuno. Takana. Thupi linyamuka mawa pa ndege, ndipo akagona pafupi ndi bambo awo ku Dowa. Za ana tikakambirana ndi akuluakulu a kwawo kwa Bambo Lubasi, osati ndi iwowo.

Malemu asiya ana awiri, Owami ndi Chikumbutso. Mayi awo owabereka. Alongo awo awiri, ine ndi Luckson. Ndi ang'ono awo awiri, Khumbo ndi Tiyamike. Tikuthokoza Abusa ndi mpingo wonse, anamwino amene anawasamalira, oimba zida amene analimba mtima kutiuza zoona, ndi madalaivala amene athamanga nafe sabata yonseyi. Mayi Mwanahawa, mawu athu ndi ochepa. Kwathu ku Dowa muli ndi nyumba.

Mlongo wathu Esther, pitani mukapume. Kumene mwapitako kulibe wodzakudzutsani kuti mukaimbe. Mzimu wanu uuse mumtendere.