Dzina la Pachitseko ndi Mavavu Anga Awiri

Olemekezeka wapampando wa komiti ya sukulu, olemekezeka mphunzitsi wamkulu, makolo anzanga, ana asukulu, komanso inu aphunzitsi a bayoloji amene dzina lanu lalembedwa pachitseko icho, landirani moni wanga.

Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachiwiri. Mawu awa ndimanena ndine, mkamwini wanga n'kumalemba, ndipo pena anati, "Bambo, apa tifufute." Ndinakana.

Chipinda cha sayansi ichi wamanga ndi mwana wanga wamkazi, amene lero ndi dokotala wa mtima. Atandiuza kuti mlendo wolemekezeka ndine, ndinasita jekete. Nditafunsa kuti pachitseko palembedwa dzina la ndani, anati la aphunzitsi ake. Masiku atatu chakudya sichinkatsika.

Zaka makumi anayi ndakhala ndikukonza mapampu a madzi. Chaka china, mwanayu ali pasukulu pano, mavavu awiri, tizitseko toletsa madzi kubwerera m'pampu, anasowa pathebulo langa, ndipo ndinakalipira malemu mayi ake kuti awasesera kudzala. Patapita sabata mwana anafika akuthamanga: "Ababa, mtima ndi pampu! Ukamasuka, magazi amalowa. Zipinda zam'mwamba zimafinya, kenako zam'munsi, mavavu n'kutseka kuti magazi asabwerere. Kugunda mumamva kuja ndi mavavu akutseka. Ationetsa aphunzitsi!"

Ndinati, "Akuonetsani ndi chiyani?" Anaulula kuti mavavu aja anatenga ndiye, n'kukawapereka kwa aphunzitsi.

Musaseke, aphunzitsi. Mavavu anga, mwana wanga, koma m'nyumba mwanga nyimbo inali "aphunzitsi ati, aphunzitsi ati." Ine vavu ndinkaigwira tsiku ndi tsiku osadziwa kuti ndili nayo m'chifuwa, mpaka inu, munthu wapadera, munauza mwana wanga. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Dzulo ndinalephera kupirira. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, nanga changa mwa iwe n'chiyani?" Anandigwira dzanja nati, "Ababa, m'maselo a thupi langa muli malangizo olembedwa. Amakoperedwa n'kutumizidwa ku tizigawo tomwe timalumikiza mapuloteni ngati mikanda pa ulusi. Minofu ya mtima wanga inamangidwa choncho. Theka la malangizowo ndi la amayi, theka linalo munalemba ndinu."

Ine amene ndimasaina ndi chala chachikulu, ati ndinalemba! Misozi inalengeza. Ndinafunsa kuti anamuuza ndani zimenezi. Anati, "Aphunzitsi omwewo."

Ndiye ndithawire kuti, anthuni?

Chabwino, aphunzitsi, tengani chitseko. Penti imasuluka, koma zolemba zanga zili m'kati mwa dokotala. Mavavu aja ndawaona m'kabati yagalasi umo, ndipo sindikuwafunanso. Ana inu, muziwagwira, ndipo mukafika kunyumba muzifunsako makolo anu, nawonso ali ndi zomwe akudziwa.

Nsanje sinathe ayi, koma kiyi mwapatsa ine. Choncho, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipinda ichi chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.