Chithunzi cha pa Chitupa

Zaka zimene ndinkatsegula kashopu kanga kosindikiza pafupi ndi msika kuno ku Area 25, inu musanabadwe, chinthu ukagula chinkakhala chako mpaka chife chokha. Tayipilaita yanga ndinagula kwa kalaliki wina wopuma ntchito ku Kanengo, ndinaisenza ndekha, ndipo palibe amene ankabwera mwezi ukatha kudzati ndilipirenso kuti zilembo zipitirize kutuluka. Mukuseka? Sekani, koma mwabwera nokha kudzandifunsa ngati laisensi ya sofutiweya ya shopu yanu muzilipira pamwezi kapena pachaka, ndiye ikani mafoniwo pansi mumve.

Ntchito yanga yeniyeni inali makhadi a ukwati ndi mapepala a mwambo wa maliro, aja okhala ndi chithunzi cha malemu pamwamba, nyimbo m'kati. Kuyambira kuno mpaka ku Mgona, munthu akatisiya achibale ankathamangira kwa ine ndi kachithunzi kothimbirira, ndipo ine ndinkakakonza mpaka anamfedwa kulira n'kumati, "Ndi yemweyu." Kompyuta itabwera ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, ndipo sofutiweya tinkagula pa sidi kamodzi basi. Koma kenaka eni ake kunjako anasintha nzeru, akuti chida chogwirira ntchito uzichita lendi ngati nyumba, ulipire m'madola, ndipo ntchito zako zonse azikusungira iwowo pa intaneti. Ndinavomera, poti m'shopu munkalowa fumbi ndipo magetsi anali atandiotchera kale kompyuta imodzi.

Chaka china anakweza mtengo. Mwana wanga Tiyamike, amene amagwira ntchito mu ofesi m'tauni, anabwera Loweruka masana n'kukhala pomwe wakhala iwepo.

"Adadi, lipirani ya chaka chonse," anatero. "Mwezi uno mukulandira chipereganyu. Mukalipira kamodzi, kwacha ikagwa inu sizikukhudzani."

Ine ndinapsa mtima. Ndinati, "Iwe, chaka chimenecho wachiona? Kwathu ku Dowa munthu salipiriratu masiku amene Mulungu sanamupatse. Kumeneko n'kudzigulira bokosi uli moyo."

Amayi ake, akazi anga Naphiri, anali pakhomo paja akusankha nyemba, ndipo osadzutsa mutu anangoti, "Abambo, mwanayo wakutsinani khutu." Koma ine ndinali wamakani, ndipo ndalama za chipereganyu ndinagulira mapepala ndi inki, n'kusankha zolipira pamwezi. Mumtima ndinkati mwezi ukavuta ndidzapepesa, monga tinkachitira ndi alandilodi: umavula chipewa, umafunsa za ana, umapempha masiku asanu, ndipo munthu amakumvera chifukwa mumapemphera tchalitchi chimodzi. Sindinaganize kuti ameneyu ndi landilodi wopanda khomo loti ukagogodepo.

Tsono mvetsani apa. Chithunzi chathu cha ukwati chinali chimodzi chokha, Naphiri ali mu diresi loyera lobwereka, akuseka, mpata wa mano ake uja ukuoneka. Ndinachilowetsa mu kompyuta, ndinachikonza sabata yathunthu, n'kuchisunga kwa eni sofutiweya aja pamodzi ndi zithunzi zina za pabanja. Chapepalacho chinali mu alubamu pansi pa bedi, ndipo mvula ina italowa m'nyumba, alubamu yonse inamatana n'kuola. Sindinadandaule kwambiri, ndinkati zonse zili pabwino.

Kenaka kwacha inagwadi, mtengo wa pamwezi unalumpha, ndipo nthawi yomweyo Naphiri anayamba kudwala. Miyezi iwiri ndinali munthu wa kuchipatala, shopu yotseka, ndalama iliyonse yopita ku mankhwala. Mauthenga ankabwera pa foni akuti laisensi yatha, ine osawatsegula n'komwe. Ndani amawerenga zotero mkazi wake akulephera kumeza phala?

Anatisiya Lachisanu m'mawa, ndipo mwambo unali wa Lamlungu. Loweruka ndinatsegula shopu ndekha kuti ndimukonzere pepala loposa onse amene ndinakonzerapo anthu ena. Kompyuta inayaka bwinobwino, koma sofutiweya inakana, akuti lipirani kaye. Zithunzi zonse zinali kuseri kwa mawu amenewo.

Musaganize kuti ndalama panalibe. Achibale ndi anzanga a mumsika anasonkha pomwepo, makwacha ali m'manja mwangamu. Koma kunjako safuna makwacha. Tiyamike anayesa khadi lake la ku banki katatu, likukana, poti masiku amenewo madola ankasowa m'dziko muno. Anaimbira mnzake wina, nayenso chimodzimodzi. Ine ndinaima pamaso pa kompyutayo, ndipo ndikuuzeni zoona ngakhale n'zochititsa manyazi, ndinavula chipewa. Ndinati, "Chonde, tsiku limodzi lokha." Mwana wanga anatembenukira kukhoma kuti ndisaone kuti akulira, ndipo sanandikumbutse mawu ake aja ngakhale kamodzi. Bola akanandikalipira.

Naphiri sankakonda kujambulidwa pa foni, ankabisa nkhope ndi chitenje. Zimene zinali m'mafoni mwa ana zinali za m'chipatala, atatha thupi. Choncho tinatenga chitupa chake cha unzika, tinapita pa shopu ya munthu wina ku Area 49, ndipo anakuza kachithunzi ka pamenepo: nkhope yowuma, maso otuzuka, yosaseka, ngati munthu amene wagwidwa ndi mlandu. Amayi a kutchalitchi atalandira mapepalawo anangoyang'anana. Mmodzi ananong'ona, ine ndikumva, "Mwamuna wake si uja amakonza za anthu?"

Patatha masabata atatu khadi linavomera, sofutiweya inatseguka, ndipo Naphiri anali pomwepo akuseka. Ndi chithunzi chija mukuchiona pakhomacho. Koma maliro sachitika kawiri, ana inu.

Ndiye mwafunsa, pamwezi kapena pachaka? Ngati mungakwanitse osagona ndi njala, lipirani chaka nthawi imene muli ndi mphamvu, chifukwa mwezi woipa subwera ndi kalata. Ngati simungathe, palibe manyazi, lipirani pamwezi, koma chilichonse chimene mtima wanu uli pomwepo chisungeninso pa fulashi, muike m'thumba mwanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo wamng'ono akakulangizani, muzimvako.

Ine ndikapita kutchalitchi sindikhalanso pafupi ndi amayi aja. Ambiri anasunga pepala lija m'mabuku awo a nyimbo, ndipo akatsegula, mkazi wanga amandiyang'ana ndi nkhope ija ya pa chitupa.