Dzanja Langa M'bokosi Lagalasi

Aulutsi, ndine nkhalamba ya ku Kaporo yotchuka ndi nthabwala, koma lero musakonzekere kuseka.

Mwana wanga wamkazi anachira mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri. Kunabadwa kamtsikana kochepa ngati chinangwa chimodzi, ndipo kuchipatala anakaika m'bokosi lagalasi. Namwino anati, "Agogo, muonere pawindo. Mkati amalowa mayi yekha, atasamba m'manja."

Ndinati, "Amayi, mukundikaniza mkazi wanga watsopano? Nsanje imeneyo."

Anaseka. Atangotembenuka, ndinazembera mkati n'kukasisita patsaya ndi dzanja lomwe ndinadyera usipa panjira.

Patapita masiku atatu kanayamba kukana mkaka, mimba n'kutupa. Adokotala anati m'magazi mwalowa kachilombo komwe sakumana nako kawirikawiri, ndipo mankhwala sakukagwira. Nditafunsa komwe kachokera anati, "Sitingadziwe, bambo. Njira n'zambiri."

Akanati ndine, ndikanalira n'kupepesa. Akanati si ine, bwenzi ndikugona tulo.

Kamwanako katamwalira, kanaikidwa ndi azimayi okhaokha monga mwa mwambo, amunafe tili kunyumba.

Mpaka lero mwana wanga amati, "Tata, anamwino aja anandiphera mwana ndi uve wawo."

Ine ndimayang'ana pansi n'kuyankha kuti, "Eya, mama."