Inde wa Azakhali

Lachisanu m'mawa, mu ofesi yomangitsira maukwati m'tauni, Jennifer wa ku Chilobwe anaima pambali pa Dennis atazolika ngati nkhuku yonyowa, ndipo ukwati unayenera kumangidwa tsiku lomwelo chifukwa mawa lake Dennis amakwera basi ya ku Joni. Kumbuyo kwawo kunali ankhoswe: a Bernadeta, azakhali a Jennifer, mayi wamasiye wosagonja pa mkangano, ndi a Laurenti, malume a Dennis, pomwe kutsogolo kwawo kunali a Salehe, kalaliki wotsata lamulo ngati sitima pa njanji.

"Jennifer," anatero a Salehe, "ukuvomera kukwatiwa ndi Dennis?"

"Inde, akuvomera," anayankha a Bernadeta.

A Salehe anadzutsa mutu. "Jennifer ndinu?"

"Ine ndine azakhali ake."

"Ndafunsa Jennifer."

"Ndipo wayankha. Kudzera mwa ine."

"Akudwala pakhosi?"

"Iii, bwana, mwanayu akamaimba kwaya malata amanjenjemera. Koma lero ndi mkwatibwi. Kwathu ku Nsanje mkwatibwi sayankhula, saseka, ngakhale ntchentche itere pamphuno sayiingitsa. Pakamwa pake ndi ankhoswe."

"Kuno amayankha mwini wake."

"Mukufuna Chilobwe yonse izinena kuti mwana wa achimwene anga anali ndi njala ya banja? Kuti anakuwa 'inde' ngati kondakitala woitanira minibasi ya ku Limbe?"

"Sindikufuna akuwe. Ndikufuna ndimve."

"Mwamva kale."

"Ndamva inu."

"Makutu si omwewo?"

A Salehe anakanda m'mutu ndi pensulo, natembenukira kwa mkwati. "Dennis, ukuvomera kukwatira Jennifer?"

Dennis anayasama kuti ayankhe, koma diso limene a Bernadeta anamuponyera linamutseka pakamwa. A Laurenti, posafuna kuoneka nkhoswe yaulesi, anakonza tayi.

"Inde, bwana. Ndi mtima wonse."

"Chabwino," anatero a Salehe, nayamba kulemba. "Dzina lanu lonse, mayi?"

"Bernadeta Semba." Anagunda Jennifer ndi chigongono. "Waona? Ngakhale boma limaphunzitsika."

"Muli pabanja?"

"Abambo akunyumba anatisiya kalekale."

"Nanga inu, bambo?"

"Chimodzimodzi," anatero a Laurenti.

"Basi, palibe choletsa."

"Choletsa chiyani?"

"Ukwati wanu. Lamulo likuti amene ayankha inde ndiwo akwatirana. Mwayankha ndinu awiri. Achinyamatawa akhala mboni."

Chikwama cha a Bernadeta chinagwa pansi, maswiti a chifuwa n'kumwazika.

"Mayo ine! Bwana, ine ndimangoyankhira mwana."

"Ine ndalemba zimene ndamva. Makutu si omwewo?"

A Bernadeta anatembenukira kwa mkwatibwi. "Jennifer, yankhula."

Jennifer anangoyang'anitsitsa nsapato zake.

"Iwe, ndati yankhula."

"Musamukakamize, mayi. Kwanu ku Nsanje mkwatibwi sayankhula."

"Nsanje ili kutali, bwana, kuno ndi ku Blantyre." Anamutsina pamkono, koma mwana osagwedezeka. "Aaa, ndadziphera ndekha. Ndinamulangiza dzulo kuti ngakhale ndimutsine asatsegule pakamwa."

"Ndiye ndi mwana womvera. Mwalera bwino."

"Musandiyamikire, ndithandizeni."

A Salehe anayang'ana wotchi, nayamba kufunafuna chipewa chawo. "Lero ndi Lachisanu, ine ndikupita ku mzikiti. Anawa abwere Lolemba."

"Lolemba mkwati adzakhala ali ku Joni!"

"Ndiye mudzamuyankhire pafoni. Inu awiri sainani apa."

Pamenepo Jennifer anadzutsa mutu. Mantha otsala yekha opanda banja anaposa malangizo onse, ndipo mawu a kwaya aja anatuluka athunthu.

"Inde! Ndikumufuna Dennis ineyo!"

"Inenso inde," anafulumira Dennis, azakhali asanamuyang'ane.

"Eyaa, tsopano ndamva eni ake," anatero a Salehe. Analemba maina awo ndi bolopeni, ana nasaina. Kenako anatenga labala kuti achotse maina oyamba aja, koma dzanja la a Bernadeta linawagwira pamkono.

"Athuwa mwalemba ndi chiyani?"

"Pensulo chabe, mayi. Musadandaule, ndifufuta pompano."

A Bernadeta anacheuka. A Laurenti anali atagwada pansi kutolera maswiti aja, akuwapukuta limodzilimodzi ndi mpango n'kumawabwezera m'chikwama. Mayiwo anawayang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato zopolishidwa.

"Mukuthamangira chiyani, bwana?" anatero chapansipansi. "Bambowa anati 'ndi mtima wonse,' ndipo palibe anawayankhira."