Wolawa Mpunga pa Geti la Ndende

Pa siteji ya minibasi ku Mtendere, amayi awiri osadziwana anakhala benchi limodzi, aliyense atafukata chakudya.

"Naimwe muyenda kundende, amai?"

"Ee, kwa mwana wanga Mahdi. Chaka chatha ali mkati, mlandu angoukankhira kutsogolo."

"Lemmy wanga naye. Lamulo likuti munthu alibe mlandu asanamuweruze, koma agona pasimenti. Nanga misozi ni ya chani?"

"Pageti afuna ulawe chakudya, aone kuti mulibe poizoni. Ine nasala, ni Ramadani. Nikalawa, naononga swaumu, kusala kwanga. Nikakana, mpunga ubwerera, mwana alibe chomasulira madzulo."

"Mwaikamo tsabola?"

"Pang'ono chabe."

"Basi, tizaimirira pamodzi. Nizawapempha bakapitao, alonda apageti, kuti nilawe ndine. Koma mwamene ununkhira mpunga uyu, mukaona sipuni yabwerera kachitatu, munigwire dzanja."