Mai Malita ndi Nkhosa Nambala 14

Kwacha ndi chisanu chathu cha Gweru, chija mawondo a malemu ankachilosera kudakali tsiku lathunthu. Abale anandiuza kuti mwamuna sawerenga mbiri ya mkazi wake. Ndawamva. Ndiwerenga ndekha, ine Elifas Kachingwe.

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1957 m'komboni ya mgodi ku Mvuma, kwa makolo ochokera ku Dedza. Dzina lawo ndi Mai Malita Kachingwe. Sukulu analekezera Giredi 7 mu 1971. Tinamanga ukwati mu 1978 n'kukhazikika kuno ku Mtapa, mu Gweru muno. Ine ndinali ku njanji. Iwo anagwira ntchito ku fakitale ya nsapato zaka 22, chiimirire.

Mu 2016 nyamakazi inawagwira mawondo. Dokotala anati chichereŵechereŵe chatha, mafupa akukhulana okhaokha. Anasiya kugwada pa mapemphero a Mvano. Pofika 2021 ndinkawakankha pa bhara, yomwe ena amati wilibala, Lachinayi lililonse, n'kuwatsitsira kuseri kwa tchalitchi kuti anzawo asaone. Pempho lawo linali limodzi: kudzachoka kunyumba mpaka m'tchalitchi ndi miyendo yawo.

Mu 2023 mwana wathu Rutendo, amene amafufuza matenda a ziweto ku Joni, anatumiza vidiyo ya nkhosa nambala 14, yodwala mawondo ngati mai ake. Anatenga m'mafuta a nkhosayo timaselo tothandiza thupi kudzikonza, n'kuibaya pabondo. Patapita miyezi inkayenda osatsimphina kwambiri. Rutendo sanatinamize. Anati matenda angowachedwetsa, ndipo gulu lake silinafike poyesa pa anthu.

Malemu ankaonera vidiyoyo m'mawa uliwonse. Nkhosayo anaitcha Marvelous. Akamuimbira foni Rutendo ankafunsa ngati yadya. Wokankha bhara sankafunsidwa.

Ndivomere pamaso panu kuti nkhosayo ndinaichitira nsanje, ndipo nsanjeyo sinathe. Nkhosa yosapemphera, yopanda yunifolomu ya Mvano, inalandira chimene mkazi wanga anachipempha kwa Mulungu zaka zisanu ndi zinayi. Iwo sanaide. Ankati ikutilambulira njira.

Pa 3 Juni 2025 anakomoka ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo anatisiya tisanafike nawo kuchipatala. Lero alowa m'tchalitchi pa khomo la kutsogolo, atanyamulidwa.

Asiya ine mwamuna wawo, ana anayi, Rutendo, Levi, Phyless ndi Shadrick, komanso adzukulu asanu ndi awiri. Tikuthokoza amayi a Mvano powasambitsa ndi kuwaveka, a bheriya sosayiti, bungwe lathu la maliro, pa bokosi, ndi a Gadi, aneba athu, amene anatibwereka bhara zaka zinayi osaifunsa. Mai Malita, pumulani mumtendere kumene kulibe chisanu.

Bhara ija ndaitsuka, ndabweza. Dzulo ndinauza Rutendo alembe dzina langa, kuti akadzayamba kuyesa pa anthu adzayambire mawondo anga.